Chaka chomwe tinakana kugula chigayo

Tsiku lomwe anandisankha kukhala tcheya wa kopaletivu yathu ya alimi a mpunga kuno ku Salima, msonkhano tinachitira mkalasi ya pulaimale yobwereka, poti shedi yathu nthawi imeneyo imadontha moti mvula ikayamba aliyense amathawira pakona. Masankho atatha ndinapempha a mlembi kuti atenge choko, aliyense anene chomwe akufuna chisinthe, tilembe pabolodi. Abale inu, bolodi linadzadza. Anyamata amati chigayo chopunthira mpunga, mpaka liti tizigulitsa osapuntha. Azimayi amati ndalama zizituluka msanga tikapereka mpunga osati kudikira miyezi. Omwe minda yawo ili kumunsi kwa dambo amati ngalande yakwiririka, madzi sakuyenda. Ena sikelo yatsopano, ena denga la shedi, ena akuti tonse tizibzala Kilombero yekha, ena mapaketi olembedwa dzina lathu okhala ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards kuti tizikalowetsa mpunga mmashopu aku Lilongwe, wina kumbuyo mpaka anakuwa kuti lole.

Ine ndinayang'ana bolodi lija nkunena mawu omwe mpaka lero amandibayabe mumtima, chifukwa ndi amene anatitayitsa chaka chathunthu. Ndinati zonsezi nzofunika, ndipo tichita zonse. Anthu anaomba mmanja, amayi nthungululu, ine kubwerera kunyumba mtima uli myaa kuganiza kuti ndayamba bwino.

Mawu amenewo amakoma chifukwa palibe amene amatuluka mumsonkhano ataluza. Wachigayo wamva kuti chigayo chikubwera, wangalande wamva kuti ngalande ikumbidwa, ndipo tcheya sanadane ndi munthu. Koma ndalama mthumba la gulu zinali zomwezija, anthu a mkomiti omwewaja, miyezi ya chaka sinawonjezekere. Kusankha kunali kudakalipo, kungoti ine ndinakukankhira kutsogolo kuti kudzachitike kokha, mwangozi, pa nthawi yomwe palibenso amene angakuwongolere.

Kuti mumvetse nkhaniyi ndifotokozeko pang'ono mmene geni ya mpunga imayendera kuno, poti ambiri mumangouona uli mbee mmabeseni pa Kamuzu Road kapena mmbali mwa msewu wa M5. Mpunga wa mvula timamweta cha mu Meyi mpaka Juni. Nthawi yomweyo mavenda amakhala afika kale mmidzi ndi masikelo awo, ndalama zili mmanja. Boma limalengeza ndithu mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma kumunda kulibe amene amaima pambali pa sikelo kuti aone ngati mtengowo ukutsatidwa, ndiye mlimi yemwe ali ndi ngongole ya aganyu omweta, ya kubanki mkhonde, komanso fizi ya mwana, amagulitsa pa mtengo womwe waupeza tsiku limenelo basi. Mpunga womwewo ukafika Disembala, nthawi ya Khrisimasi ndi Nyuwere, mpaka Januwale ndi Febuluwale anthu nkhokwe zitatha, mtengo umakhala utakwera kwambiri, koma wodyerera amakhala amene anasunga, osati amene anawokera mmatope. Kopaletivu tinayiyambitsira chimenechi, kuti tisonkhanitse, tisunge, tidzagulitse limodzi nthawi yabwino.

Ndipo anyamata aja pa nkhani ya chigayo samalakwitsa ayi, izi ndizinene poyera. Thumba la makilogalamu 50 la mpunga osapuntha likapita kuchigayo limatulutsa makilogalamu 30 ndi pang'ono a mpunga woyera, kenako pali madeya omwe oweta nkhumba ndi nkhuku amagula, ndiye ukaphatikiza zonse phindu lenileni lili pa wopuntha. Amene ali ndi chigayo ndi amene amadya bwino pa mpunga. Masamu awo anali olondola.

Nde chaka choyamba chija tinagawa kandalama kathu ngati nsomba imodzi pa ana khumi. Tinakumba maziko a nyumba ya chigayo nkugula simenti pang'ono. Tinagula malata okwana theka la shedi. Tinalemba aganyu kuti ayambe ngalande, anakumba kuchokera kumtunda nkulekezera pakati ndalama zitatha, kumene kuli ngati osakumba nkomwe poti madzi amangofika pomwe analekezerapo nkusefukira mmunda mwa munthu. Pamwamba pa zonsezo tinakhazikitsa malamulo awiri atsopano tsiku limodzi, loti aliyense abzale Kilombero yekha ndi loti malipiro onse azidzera pafoni, Airtel Money kapena Mpamba.

Malamulo awiriwo papepala anali abwino. Kilombero ndi amene ogula mtauni amamufuna chifukwa cha fungo lake lija, ndipo mpunga wosakaniza mitundu suyenda malonda. Koma Kilombero amachedwa kucha, amafuna madzi akhalitse mmunda, ndiye amene minda yawo imauma msanga amadziwa bwino chifukwa chomwe amabzalira mitundu yocha msanga, ife sitinawafunse. Za foni nazo, agogo ambiri alibe foni, ena nambala ndi ya mdzukulu, ndipo mayi wina anandikokera pambali nkundiuza motsitsa mawu kuti a tcheya, foni kwathu amasunga ndi abambo, ndalama zikalowa mmenemo ine sindiziona ngakhale mpunga ndinalima ndine. Ine mzimayi mnzake koma chimenecho sichinandibwerere mmutu.

Chaka chimenecho chinali 2022. Mu Januwale namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi nkuyamba kuzimazima kwa maola ambirimbiri, moti olo chigayo chikanakhalapo chikanamangokhala duu masana ambiri. Mu Meyi, ndendende nthawi yomweta, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pelesenti, simenti ndi malata zinakwera pompo. Ndiye mamembala akubwera ndi matumba awo pashedi, ife tilibe olo tambala yowapatsa, tikungoti siyani mpunga mudzalandira tikagulitsa. Anthu amayang'ana shedi yofolera theka, kuyang'ana ife, nkutembenuza ngolo.

Usiku wina ndikuchokera kumaliro ndinakumana ndi membala wa komiti yanga yomwe, munthu yemwe pamsonkhano amakalipira anthu ogulitsa kwa mavenda, akukweza matumba pa njinga yamoto ya venda. Tinayang'anizana. Sindinakalipe, ndinangoti achimwene, nanunso? Iwo anati a tcheya, mtsikana wanga wa Fomu 3 amubweza kusukulu kawiri kaamba ka fizi, ndimuuze kuti adikire Disembala? Ndinalibe yankho ndipo sindinagone. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, mwambi womwe ndinaudziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanauonepo ukuchitika ndi ndalama za anthu osauka omwe anandikhulupirira.

Chomwe chinanditsegula mmaso sichinachokere kuwekishopu. Mawekishopu tinapitako angapo, amatiphunzitsa kulemba mapulani a zaka zisanu, masomphenya, zolinga, ndipo sindikunyoza, muli nzeru mmenemo, kungoti pulani imalola kuti ulembemo zonse, pepala silikana, ndiye umabwerako ndi bolodi lomwe lija koma lotayipidwa bwino. Ine chinandithandiza ndi ulendo wa ku Chikombe komwe ndinapita kukagula nsomba zouma, poti pambali pa mpunga ndimachitako kageni kansomba. Podikira ndinacheza ndi mkulu wina msodzi, nkhani nkufika pa chilumba cha Mbenji.

Kwa amene simudziwa, Mbenji ndi chilumba cha kuno ku Salima mdera la Senior Chief Makanjira, chodziwika ndi utaka. Chaka chilichonse nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, chilumbachi amachitseka, asodzi onse amasamuka, palibe woponya ukonde, ndipo pamakhala mwambo potseka ndi potsegula. Dongosololi linayamba kalekale mzaka za mma 1950 ndi mafumu a mderalo, ndipo lili ndi malamulo ake okhwima, mowa, chamba ndi juga pachilumbapo ayi. Ndinawafunsa mkulu uja kuti agogo, miyezi yonseyo, nthawi ya njala yeniyeni, anthu amavomera bwanji kusiya nsomba zili mmadzi? Anandiyankha mosavuta. Anati mwanawe, timavomera chifukwa aliyense amadziwa chomwe tikusiyira, kuti nsomba ziswane, ndipo amadziwa tsiku lomwe adzatsegule, komanso lamulolo silisankha, olo mbale wa mfumu akapezeka amalipira. Anati kumakhala kowawa ndithu, ena amakaba, koma ambiri amapirira poti akuona kuti mnzawo nayenso akupirira.

Pa kabaza pobwerera ndimangolingalira zimenezo. Anthu a ku Mbenji sanauzidwe kuti mudzadya nsomba chaka chonse komanso nsomba zidzachuluka. Anauzidwa chilungamo kuti ichi mutaya kuti ichi chikhalepo. Ine anthu anga ndinali ndisanawauzepo nkamodzi komwe chomwe ataye. Ndimangowalonjeza zolandira.

Komiti itakumana ndinabwera ndi bolodi lomwe lija, ndinali nditalikopera mkope, nkufunsa funso limodzi, kuti pa zonsezi ndi chiti chomwe chikapanda kuchitika zinazo zilibenso ntchito. Tinakangana kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Koma ukalitsata bwino funsolo yankho limabwera lokha. Chigayo chipuntha chani ngati mshedi mulibe mpunga? Mapaketi tiyikamo chani? Lole inyamula chani? Zonse zimadikira chinthu chimodzi, mpunga wa mamembala ulowe mshedi yathu osati kwa venda. Ndipo kuti ulowe, munthu ayenera kulandirako ndalama tsiku lomwelo lomwe wabweretsa, olo isakhale yonse, komanso akhulupirire kuti sikelo yathu sikumubera ndipo mpunga wake sunyowa. Mpunga osapuntha umasungika bwino chinyontho chikatsika kufika cha pa 14 pelesenti, ukanyowanso umachita chikasu, pochigayo umasweka, ndiye denga sitikanalithawa. Tinagwirizana kuti chaka chimenecho ndalama iliyonse yolowa ipite ku thumba logulira mpunga, kupatula yomalizira denga, ya sikelo yoyesedwa bwino ndi mabuku a malisiti. China chilichonse chiime.

Kunena kuti chiime mkomiti ya anthu ochepa nkophweka. Kukanena pamsonkhano waukulu, pomwe membala aliyense ali ndi voti imodzi ndipo angathe kukuchotsa pampando tsiku lomwelo, ndi nkhani ina. A mlembi anandilangiza kuti a tcheya, ingonenani zomwe tichite, zinazo musazitchule, anthu aziiwala okha. Ndinakana. Ndikanatero anyamata akanadikira chigayo chaka chonse nkudzazindikira okha kuti tinawanamiza, ndipo munthu amene wazindikira yekha kuti unamunamiza sabwereranso. Ndinaima nkuwerenga mokweza zomwe sitichita. Chigayo chaka chino ayi. Ngalande chaka chino ayi. Mapaketi ayi. Lamulo la Kilombero talichotsa, aliyense abzale chomwe munda wake umalola bola asasakanize mthumba limodzi. Foni ndi kufuna kwa munthu, wofuna ndalama pamanja alandira pamanja.

Ndisanafike pa zimenezo ndinayamba ndi zathu za komiti. Tinali ndi chizolowezi cholandira alawansi pa mitingi iliyonse, ndi fanta ndi mabanzi, ndalama zochepa ukaziona kamodzi koma pachaka zimakwana kugula matumba angapo a mpunga. Ndinalengeza kuti zatha, kuyambira ine. Awiri a mkomiti sanabwerenso ku mitingi kuchokera tsiku limenelo, mmodzi mwa iwo mnzanga wa kutchalitchi yemwe mpaka pano moni wake ndi wa patali. Zimandiwawa, sindibisa. Koma sindikanatha kuuza mnyamata kuti chigayo chake chidikire ine ndikupukuta pakamwa.

Anyamata anatuluka mumsonkhano gulu lonse. Mtsogoleri wawo, mnyamata wanzeru yemwe anamaliza Fomu 4 ndipo ndi amene anatiwerengera masamu a chigayo aja, anaima pakhomo nkunena kuti amayi, inu mukuopa chitukuko, mukufuna tikalambe tikugulitsa mankhusu. Mawuwo anandilasa chifukwa theka lake linali loona, ndimaopadi, ndinali nditaona kale ndalama za anthu zikusanduka maziko omera udzu.

Atsibweni anga, alongo awo a mayi anga enieni, munda wawo uli kumunsi kwenikweni kwa dambo. Iwo sanatuluke, sanakuwe. Anadikira anthu amwazikane nkundipeza ndikupinda mapepala. Anati mphwanga, ndamva, koma udziwe kuti ngalande imeneyo kwa inu akumtunda ndi nkhani ya pabolodi, kwa ife ndi nsima. Ndinati atsibweni ndikudziwa, mundipatse chaka chimodzi. Anangogwedeza mutu nkukwera njinga yawo.

Patangopita miyezi yochepa yesero lenileni linabwera. Anthu a pulojekiti ina anafika nkunena kuti pali mwayi wa makina opunthira mpunga, iwo alipira gawo lalikulu, ife tisonkhe gawo lathu. Mwayi weniweni, osati zachinyengo. Koma titawerengera, gawo lathulo limameza pafupifupi thumba lonse logulira mpunga lomwe tinasonkhanitsa movutikira kuchokera mmasheya ndi malonda ochepa a chaka chapitacho. Ndinakhala masiku atatu ndisakudya bwino. Kukana chinthu choipa aliyense amatha, koma apa ndimayenera kukana chinthu chabwino, chomwe ndimachifuna nanenso, chomwe mwina sichidzabweranso. Ndinaitanitsa komiti, tinavota, ndipo tinawayankha a pulojekiti aja mwaulemu kuti chaka chino sitikwanitsa. Nkhani inamveka mudzi wonse kuti tcheya wabweza chigayo chaulere. Kumjigo azimayi amasiya kuyankhula ndikafika.

Pali nkhani ina yomwe ndimafuna ndiikepo apa ngakhale ikuoneka ngati yapambali, ya a msungichuma athu akale. Bambo wachikulire, mmodzi mwa omwe anayambitsa gululi, wokhulupirika moti sanasowetsepo kobiri, koma mabuku samalemba, zonse zinali mmutu mwawo ndi pa timapepala ta mthumba la jekete. Kuti tiyambe kulipira anthu pashedi ndi malisiti pamafunika munthu wolemba tsiku ndi tsiku. Ena amati tingowachotsa. Koma ine ndinaona kuti agogo ambiri amabweretsa mpunga chifukwa choti bambo amenewa alipo, ukawachotsa mwamwano wachotsa ndi chikhulupiriro chomwe ukuchifunacho. Ndinapita kwawo, tinakhala pamkeka, ndinawapempha kuti bambo, sikelo yatsopanoyi ikufuna munthu yemwe anthu sangamukayikire, muyiyang'anire ndinu, mabuku agwire mtsikana wina yemwe amatha. Anakhala chete nthawi yaitali nkudzati mwananga, ndamva chomwe ukunena ndi chomwe sukunena, ndavomera. Zinatichedwetsa, poti miyezi yoyamba mtsikana uja amachita kukawafunsa chilichonse, koma kuchedwa kumeneko ndinakusankha dala.

Kukolola kwa 2023 kutafika tinatsegula shedi yofolera yonse, sikelo pakhomo, bambo aja atakhala pambali pake, aliyense amaona nambala ndi maso ake, lisiti mmanja, gawo la ndalama mmanja. Sabata yoyamba anabwera ochepa, ongoyesa. Atabwerera kumudzi ndi ndalama, sabata yachiwiri ngolo zinayamba kundondozana. Thumba lathu linatha tisanagule wonse, ena anagulitsabe kwa mavenda ndipo sitinawadzudzule, koma kwa nthawi yoyamba matumba anasanjikizana mpaka kufika kumitanda ya denga. Achimwene aja ndinakumana nawo usiku anabweretsa awo masana dzuwa likuswa mtengo.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwanso, ulendo uno ndi 44 pelesenti. Apa nkhani ili pawiri ndipo ndiyenera kunena mbali zonse. Ndalama zathu zinali zitasanduka matumba a mpunga osati zili kubanki, ndiye mitengo itakwera mpunga wathu unakwera nawo, titagulitsa mamembala analandira gawo lachiwiri lomwe ambiri samayembekezera. Zimenezo sikuti ndinaziwoneratu ayi, zinangotigwera bwino. Koma mbali inayo, makina opunthira amachokera kunja, ndiye mtengo wake unathawa kutisiya kutali kuposa pomwe tinali. Mnyamata uja anabwera ndi foni yake kudzandionetsa mitengo yatsopano, anati amayi mwaona, mukanalola chaka chatha bwenzi tili nacho. Sindinatsutse. Ndinamuuza kuti ukunena zoona, chigayo chatidulira chifukwa cha chisankho chomwe ndinatsogolera ine, koma bwenzi tili ndi chigayo ndi shedi yopanda kanthu, ndipo ndikanati ndibwererenso ndikanasankhabe chomwecho. Sitinagwirizane, koma anakhala pansi tinamwa thobwa, ndipo chaka chotsatira mpunga wake unalowa mshedi.

Chomwe sindinadzikhululukire msanga ndi cha ngalande. Ndinapempha chaka chimodzi, koma malonda atayenda bwino mamembala ambiri, omwe ndi akumtunda, anavota kuti phindu libwererenso mthumba logulira mpunga kuti tidzagule wochuluka, ine nkuvomera poti zimaoneka zanzeru, chinthu chikuyenda uchisiyirenji. Ngalande inadikiranso. Ndiye mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, nonse munaona zithunzi za ku Senga Bay madzi atalowa mmalo ogona alendo, kwathu kuno madambo akumunsi madzi anasowa kolowera, ngalande yokwiririka ija nkungowonjezera vuto. Mpunga wa atsibweni ndi anzawo unamira usanabereke. Sindinganene kuti ngalande ikanapulumutsa zonse, madzi anali ambiri, koma ikanapulumutsako ndithu.

Ndinapita kukawaona. Anandilandira bwino, azakhali anandiphikira, palibe anandinena. Potsanzikana atsibweni anangoti mphwanga, chaka chimodzi chija chatha liti? Ndinalira panjira.

Apa mpomwe ndinaona chinthu chomwe sindinachione nthawi yonseyi. Posankha choyamba ndi chotsiriza ndimayeza phindu la gulu lonse, ndipo pa masamu a gulu lonse ndinalondola. Koma mtengo wa chisankho sugawidwa mofanana. Anyamata analuza mwayi wopeza zambiri, akumunsi analuza chakudya. Ndipo akumunsiwo ndi ochepa, amakhala kutali ndi shedi, nthawi ya mvula njira yawo imaduka ndiye pamisonkhano amafika ochepa kapena mochedwa titavota kale. Anyamata amakuwa, ndiye ndimawaganizira usiku, kukonzekera zowayankha. Atsibweni samakuwa, ndiye kunali kosavuta kuwadikiritsa kachiwiri. Mkulu wa ku Chikombe uja anandiuza za tsiku lotsegulira lomwe aliyense amalidziwa, ine ndinatengako zoti anthu auzidwe chomwe akutaya, koma za tsikulo ndinangonena pakamwa osalemba, ndipo lonjezo la pakamwa kwa anthu ochepa voti ya ambiri imalifafaniza mosavuta popanda ndi mmodzi yemwe woipa mtima.

Tinachitapo zomwe tikanatha. Tinawabwereka akumunsi mbewu kuchokera mthumba la gulu kuti adzabweze akakolola, popanda chiwongola dzanja, ndipo ena akumtunda anadandaula kuti ndalama zogulira mpunga zachepa, ndinawayankha kuti thumba limenelo linakula chifukwa anzathuwa anadikira kawiri. Tinasinthanso malo a misonkhano, wina uzichitikira kumtunda wina kumunsi pansi pa mtengo wa mango kwa a gulupu akumeneko, kuti nawonso akumtunda alawe kuyenda mmatope. Ndipo tinayamba kulemba mmabuku a msonkhano osati zokhazo zomwe tavomereza, komanso zomwe taimika, mayina a midzi yomwe ikhudzidwe, ndi nyengo yomwe tidzazibwerere, kuti tcheya aliyense wobwera pambuyo panga adzazipeze.

Nthawi yanganso ndinaphunzira kuti ili ngati thumba lija, imatha. Geni yanga ya nsomba inalowa pansi zaka zimenezi, ana kunyumba amadandaula kuti amayi mumangokhalira kushedi. Poyamba ndimafuna ndizipezeka paliponse, pasikelo ndilipo, kubanki ndilipo, kukakumana ndi ogula ku Lilongwe ndilipo, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kupita kokha. Pano zokambirana ndi ogula ndinamusiyira mnyamata wachigayo uja ndi a mlembi, amachita bwino kuposa ine, amadziwa kufufuza mitengo pa WhatsApp asanakwere minibasi, ngakhale nthawi zina amagwirizana zinthu zomwe ine sindikanavomera, ndimaluma mano nkusiya.

Msonkhano waukulu wapitawu tinachitira kumunsi. Ndinawerenganso mokweza monga mwa chizolowezi tsopano. Choyamba ngalande, yonse, kuyambira kumunsi kukwera kumtunda osati ngati kale, mvula isanagwe. Thumba logulira mpunga silikula chaka chino, kutanthauza kuti ena adzagulitsabe kwa mavenda ndipo gawo lachiwiri lidzachepa. Chigayo chidikirenso. Panali kung'ung'udza, mayi wina wakumtunda anati ndiye ife tilipirire minda ya eni, bambo aja a pasikelo anamuyankha ndi iwo ine ndisanatsegule pakamwa. Voti inadutsa ndi kusiyana kochepa kwambiri.

Mnyamata uja ulendo uno sanatuluke. Anaimika mkono nkunena kuti amayi, ife tavomera, koma mulembe mbukumo kuti ngalande ikatha chotsatira ndi chigayo, ndipo pa thumba lililonse logulitsidwa tizipatulako kenakake kosakhudzidwa, musainire inu ndi a gulupu ngati mboni. Tinakanganako pa kuchuluka kwa kopatulako, iye amafuna zambiri, a msungichuma atsopano amafuna zochepa, tinakumana pakati. Ndinasaina, a gulupu anadinda.

Loweruka likubwerali tikuyamba kukumba. Mudzi uliwonse ubweretsa makasu ndi mafosholo ake, gulu ligula ufa ndi nyemba za nkhomaliro, aganyu tilemba pa malo ozama okha pomwe pali bango lambiri. Atsibweni anatumiza mdzukulu dzulo kudzanena kuti chingwe choyezera ali nacho kale ndipo adzatidikira pa mlatho wa mitengo 6 koloko mmawa.